Chijapani cha Anselmo wa ku Domwe

Anselmo anabadwira ku Domwe, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri, koma nkhondo inamupeza akukhala chikamwini kufupi ndi Lifidzi, kwawo kwa mkazi wake Laurinda. Chinali chaka cha 1942. Iye za nkhondoyo analibe nazo chidwi. Chimene chinamuchotsa pakhomo ndi chibalo. Asipayi, apolisi a boma la Apwitikizi, anali atayamba kuzungulira m'midzi kugwira amuna oti akalambule msewu wa ku Tete, ndipo mbiri inamveka kuti dzina lake latchulidwa kale. M'mawa wina ananyamula khasu ngati akupita kudimba, nalisiya pa chitsa, nalowera njira ya kumalire. Anafika ku Dedza miyendo itatupa.

Kumeneko Angerezi ankalemba asilikali. Atamufunsa kwawo, anatchula mudzi wa amalume ake a ku Bembeke, ndipo palibe anakayikira, pakuti malankhulidwe a uku ndi uko ndi amodzi. Anamumeta, anamuveka yunifomu, ndipo patapita nthawi anamukweza sitima yapamadzi kupita ku Burma.

Za nkhondo yeniyeniyo sankakonda kukamba. Akafunsidwa ankangoti kunali mvula, matope ndi misundu, basi. Zimene ankakamba, akapeza womumvera, zinali za miyezi imene nkhondo inali itatha, pamene gulu lake linapatsidwa ntchito yolondera Ajapani amene anagonja. Akaidiwo ankagona m'misasa ya nsungwi mkati mwa waya, ndipo masana ankalima dimba la ndiwo m'mbali mwa mtsinje. Anselmo ankaima ndi mfuti kumapeto kwa mizere, akuona anthu amene dzana ankafuna kumupha akuthirira mpiru.

Tsiku lina mkaidi wina anagwa pakati pa mizere. Malungo anali atamugwira, thupi lonse likunjenjemera. Anselmo atayandikira, munthuyo anamuyang'ana n'kunena mawu amodzi okha mobwerezabwereza: "Mizu. Mizu."

Anselmo anadabwa kumva chilankhulo chakwawo m'kamwa mwa Mjapani. Anaganiza kuti munthuyo akufuna mankhwala achikuda. Anapita m'mbali mwa dimba, nazula chitsamba china chofanana ndi chimene amayi ake ankaviika munthu akadwala malungo, nabwera nacho, n'kumuikira mizuyo m'manja. Wodwalayo anayang'ana mizuyo, anayang'ana Anselmo, kenako anayamba kuseka uku akunjenjemera. Analoza chidebe chothiririra. Kwawoko mizu ndi madzi.

Munthuyo dzina lake anali Hirano. Anali wamfupi, wamkulu kwa Anselmo ndi zaka zingapo, ndipo asanatengedwe kunkhondo anali mlimi ku dera lozizira lamapiri, kumene amalima kachewere ndi nyemba ngati ku Domwe. Atachira anayamba kulima mizere ya kumapeto, kufupi ndi kumene Anselmo ankaima. Poyamba ankamvana ndi manja ndi Chingerezi chodukaduka cha kunkhondo. Hirano ankaloza chinthu n'kuchitchula, Anselmo n'kubwereza. Phiri linali yama, zimene zinamusekesa Anselmo chifukwa zinamukumbutsa nyama. Nyemba zinali mame. Mvula inali ame. Mawuwo sankavuta lilime, ankatha ndi a, e, i, o, u ngati akwathu.

Chovuta chinali kumva Ajapaniwo akamalankhulana okhaokha. Tsiku lina Anselmo anamva Hirano akufunsa mnzake za fodya. Mnzakeyo atangoyamba kuyankha kuti "tabako wa ari…", Anselmo anatambasula dzanja, pokumbukira kuti arimasu ndiye kuti chinthu chilipo. Koma mawuwo anathera kwina: arimasen. Fodya kunalibe.

Hirano anamubweza dzanjalo pang'onopang'ono. Anatola ndodo najambula njoka pansi, naloza mutu n'kupukusa mutu wake, kenako naloza mchira n'kugwira khutu. Anselmo anamva tanthauzo lake. M'chilankhulo chimenechi inde ndi ayi amabisala kumchira, ndipo womvera ayenera kudikira wolankhula amalize. Anakumbuka kuti kwathunso pali ndi palibe amasiyana kumapeto, koma kwa iwowa pafupifupi nkhani iliyonse inali yotero.

Kuyambira pamenepo Hirano ankamuuza kuti aziima pafupi akaidiwo akamacheza pa nthawi yopuma, asafunse kanthu, azingomvera. Asalimbane ndi kugwira mawu onse. Azitola amene akuwadziwa, enawo aziwaleka apite. Akatha kucheza, Hirano ankabwera kudzamufunsa chimene watola. Poyamba Anselmo ankabwera ndi mawu awiri kapena atatu osalumikizana. Pambuyo pake anayamba kubwera ndi nkhani: kuti wamtali uja akudandaula za dzino, kuti wadazi uja walota mkazi wake. Akalondola, Hirano ankangogwedeza mutu n'kubwerera ku khasu lake.

Kuwerenga anaphunzirira pa mchenga wa m'mbali mwa mtsinje. Anselmo ali mwana anakhalako pang'ono pa sukulu ya mishoni ku Lifidzi, kumene ankaimba ba be bi bo bu mpaka mawu kusasa. Anapeza kuti Ajapaninso amaimba chimodzimodzi, ka ki ku ke ko, kungoti phokoso lililonse lili ndi chilembo chakechake, ndipo zilembozo zili mitundu iwiri, zopindikapindika ndi zamakona. Zimenezi anazidziwa zonse. Koma panali mtundu wachitatu, zilembo zothithikana ngati chisa cha mpheta, zimene chilichonse ndi mawu pachokha, ndipo Hirano anati n'zosawerengeka. Za mtundu umenewu anangomuphunzitsa zochepa: phiri, mtsinje, moto, madzi, munthu, munda.

Anzake a Anselmo ankamuseka, ena ankamuchenjeza, koma akuluakulu sanaletse chifukwa nthawi zina ankawathandiza kuuza akaidi kuti anyamule ichi, apite uko. Mu 1946 gulu lake linauzidwa kuti likubwerera kwawo. Ajapani anatsala akudikira sitima yawo. Hirano anamuuza dzina la mudzi wake, Anselmo nalibwereza kangapo kuti alisunge, koma pofika ku Mombasa linali litasokonekera ndi mayina ena, ndipo silinabwererenso.

Anawoloka malire mozemba monga anachokera. Atafika kwa Laurinda anamupeza akupeta chimanga pakhonde, mwana ali kumbuyo. Mkaziyo anaika lichero pansi, nagwada, koma sanayandikire.

"Tinamva kuti sitima yanu inamira," anatero Laurinda. "Tinalira maliro. Tinameta. Amayi anu anabwera kudzameta nafe."

"Mwanayo ndi wa yani?"

"Ndi wa aVictorino. Ndi amene akukhala muno."

Anselmo anakhala pa mtondo umene unali pabwalo. Anapempha madzi akumwa, anamupatsa. Anafunsa za amayi ake, ndipo Laurinda anayang'ana pansi n'kunena kuti anamwalira chaka chatha nthawi ya dzinja. Anselmo sanakalipe, sanapite kwa ankhoswe. Anatsanzika dzuwa lisanapendeke, nalowera ku Domwe.

Kumudzi kwawo anapeza mlongo wake wamkulu, Teodora, amene anali wamasiye ndipo ankakhala ndi mwana wake wamkazi Leonor. Teodora anamupatsa munda wa amayi awo, wa pamtunda, ndipo Anselmo anamanga kanyumba kake kumapeto kwa mudzi, kumene mphepo ya mwezi wa Juni imayambira kuwomba. Jekete la usilikali analibisa pansi pa nkhokwe. Sakanatha kuyenda nalo kapena kudzitama kuti anali msilikali wa Angerezi, chifukwa asipayi sanaiwale anthu amene anathawa chibalo.

Asilikali anzake anali kutsidya kwa malire. Nthawi zina akapita kukagulitsa kachewere ku Dedza ankawapeza pa mowa akukamba za Burma. Tsiku lina anayesa kuwauza za Hirano, nawatchulira mawu angapo. Munthu wina dzina lake Rafael, amene anabwerako wopanda zala ziwiri, anaika chipanda pansi.

"Inu aAnselmo, chilankhulo chimenecho musalankhulenso pamaso panga. Mawu omaliza amene mng'ono wanga anamva anali amenewo."

Anselmo anapepesa. Anamaliza mowa wake, ndipo kuyambira tsikulo akafika ku Dedza ankangogulitsa kachewere n'kubwerera.

Ndiye Chijapani chake anayamba kuchilankhula kumunda, ali yekha. Ankadzifunsa mafunso n'kudziyankha, mawu ena akulankhula ngati Hirano, ena ngati iye mwini. Akaona mitambo ku phiri ankanena kuti mvula ibwera, n'kudziyankha kuti ayi sibwera, kuti lilime lisaiwale michira yonse iwiri. Popuma ankalemba zilembo pa mzere ndi chala, kuyambira a mpaka kumapeto, kenako n'kufufuta ndi phazi. Amayi opita ku nkhuni anamumva. Posakhalitsa mudzi wonse unadziwa kuti nkhondo inamuzunguza mutu Anselmo. Ena ankati anabwera ndi mizimu ya anthu amene anawapha, ndipo ndi imene imalankhula m'kamwa mwake. Ana ankati akamuona akubwera, ankapatuka. Mkazi wina wamasiye amene ankhoswe anali atayamba kumukambira, abale ake anabweza mawu.

Teodora anapita kukamupeza kumunda.

"Anselmo, anthu akutinena. Leonor akukula, adzafuna banja. Ndani adzafunsire mwana wa pakhomo pa wamisala?"

"Sindine wamisala, achemwali. Ndi chilankhulo cha anthu, monga Chipwitikizi."

"Nanga anthu akewo ali kuti? Chipwitikizi eni ake timawaona. Ichi mukulankhula ndi yani?"

Anselmo analonjeza kuti azilankhula motsitsa. Koma ngakhale popanda lonjezolo mawuwo anali atayamba kuchepa okha. Chaka chilichonse ankapeza kuti ena apita, ngati chimanga cha m'nkhokwe chimene anankafumbwe akudya mkati. Ankakumbuka kuti khasu linali ndi dzina, n'kukhala tsiku lonse akulifunafuna m'mutu, osalipeza. Panalibe womufunsa.

Mu 1953 anakwera ngolo ya mnansi wake kupita ku Ulongwe, kumene Apwitikizi ankati Vila Coutinho, kukagulitsa kachewere. Analowa m'kantini ya Sinyoro Francisco, Mmwenye wa ku Goa, kuti agule mchere. Anyamata a m'kantinimo ankamasula bokosi la makapu adothi, ndipo kapu iliyonse inali yokulungidwa m'pepala la nyuzi. Pepala lina linagwera pafupi ndi phazi lake. Anselmo anawerama kuti alitole, n'kungoima chowerama. Zinali zilembo zija.

Anatuluka nalo panja, nakhala pa khonde. Mizere inkatsika kuchokera pamwamba, monga Hirano ankalembera pa mchenga. Zilembo zothithikana zinali zambiri, ndipo iye sankazidziwa. Ankatha kuwerenga ting'onoting'ono ta pakati pake, no, wa, ni, mashita, koma kunali ngati kuwoloka mtsinje wodzaza podumpha miyala imene yatalikirana kwambiri. Anapeza chilembo cha phiri pamalo awiri, cha munthu pamalo ambiri. Kumunsi kwa pepalalo kunali chithunzi chong'ambika, chongooneka gudumu ndi miyendo yachitsulo, ndipo pambali pake panali zilembo zitatu zamakona. Anaziwerenga mokweza pang'ono: mi, shi, n. Anabwerezanso. Kenako anayang'ana kumapeto kwa khonde kumene telala ankapalasa makina ake osokera, ndipo anazindikira chimene pepalalo linkagulitsa. Aka kanali koyamba kuwerenga chinthu chimene Hirano sanamulembere.

Anabwerera mkati napempha mapepala otsalawo. Sinyoro Francisco anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ngati ndi opichirira fodya, awa sakoma. Inki yake imanunkha."

"Si a fodya, Sinyoro. Ndikufuna kuwerenga."

Mwini kantiniyo anakweza mapewa nauza anyamata kuti amupatse. Anselmo anawasalaza bwinobwino, nawaika pansi pa mphasa kunyumba kwake. Lamulungu akabwera ku Misa ankatulutsa limodzi, n'kukhala nalo padzuwa kuseri kwa nyumba. Ambiri mwa mapepalawo sanawamve mpaka kalekale, koma ankawadziwa onse monga munthu amadziwira nkhope za anthu amene sanalankhule nawo.

Patapita zaka ziwiri Sinyoro Francisco anagula wailesi yaikulu yoyendera batire la galimoto. Tsiku lina chakumadzulo, Anselmo ali pa khonde kudikira ngolo, mwini kantiniyo ankapotokola wailesiyo kufunafuna nyimbo za kwawo. Munadutsa mluzu, munadutsa Chingerezi, munadutsa kukhuluza ngati mvula ya pa malata. Kenako munamveka mawu a mkazi, akutali, akubwera ndi kupita. Anselmo anapezeka ali pa kauntala.

"Sinyoro, chonde, bwererani pang'ono. Pomwepo."

Mkaziyo ankalankhula mofulumira kuposa akaidi aja, ndipo mawu ake anali osalala, a anthu ophunzira. Anselmo anayamba ndi mantha, pofuna kugwira chilichonse, ndipo zonse zinkamupulumuka. Kenako anatsinzina, nasiya kuthamangitsa. Munadutsa mawu akuti kotoshi, chaka chino. Munadutsa kome, mpunga. Anadikira. Munabweranso kome, kenako mawu ena amene ankatanthauza zambiri, ndipo mchira wake sunali wokana. Pambuyo pake kukhuluza kuja kunakwirira zonse.

"Akuti chiyani?" anafunsa Sinyoro Francisco.

"Akuti chaka chino mpunga akolola wambiri."

"Nthawi yonse ija, nkhani yake ndi yomweyo?"

"Zinazo zandidutsa."

Mwini kantiniyo anaseka, napitiriza kufunafuna nyimbo zake. Anselmo anatuluka. Pa ngolo pobwerera ankaganiza kuti ngati sitima ya Hirano inafika, ndiye kuti chaka chino akudya n'kukhuta.

Kuyambira pamenepo ankapeza chifukwa chopitira ku Ulongwe, ngakhale ulendowo ndi wautali. Ankawaza nkhuni za pa kantini, kutunga madzi, ndipo dzuwa likapendeka Sinyoro Francisco ankamulola kukhala pafupi ndi wailesi kwa kanthawi. Masiku ambiri mawuwo sankapezeka n'komwe. Masiku ena ankabwera mwamuna, masiku ena nyimbo. Anselmo ankatola zimene akanatha: kwinakwake kwagwa chipale chofewa, sitima yafika, ana ayamba sukulu. Mawu ena amene anawataya kalekale ankabwerera akangowamva, ndipo ankawanena chamumtima njira yonse mpaka ku Domwe. Ogula m'kantinimo ankamuzungulira poyamba, koma ataona kuti palibe chodabwitsa chimene chikuchitika, munthu wangokhala chete maso ali chitsinzinire, anamusiya.

Mu 1957 Sinyoro Francisco anagulitsa kantini nasamukira ku Tete, wailesi n'kupita nayo. Anselmo anamva atafika pa khonde ndi nkhwangwa yake. Mwini watsopanoyo anati nkhuni ali nazo kale.

Chaka chotsatira Teodora anadwala chifuwa chosatha. Leonor anali atakwatiwa ndithu, ndipo mwamuna wake anali atamanga nyumba pamudzipo, koma ntchito ya kumunda inkawatenga onse awiri, choncho masana amene ankakhala ndi wodwalayo anali Anselmo. Ankamutulutsa padzuwa, kumuphikira phala, kumuingitsira ntchentche. Tsiku lina Teodora, atagona pa mphasa pakhonde, anati:

"Tandilankhulireni chija chanu chija."

"Munandiletsa, achemwali."

"Ndinakuletsani chifukwa cha Leonor. Leonor wakwatiwa. Lankhulani ndimve."

Anselmo anayamba mwamanyazi. Mawu ake anali ochepa, ndipo ankaima kawirikawiri kufunafuna ena. Ananena za phiri, za mvula imene yachedwa, za nyemba zimene zafota m'munda wa pamtunda. Ananena kuti mlongo wake akudwala, kuti sakudya. Teodora anamvera mpaka kumapeto osamudula.

"Sizikumveka ngati misala ayi," anatero. "Zikumveka ngati munthu akudandaula za kumunda."

"Ndi zomwezo ndimanena."

"Ndiye zaka zonsezi mumangodandaula za nyemba?" Anayesa kuseka, chifuwa n'kumugwira. Chitaleka anati, "Mnzanuyo anali munthu wabwino?"

"Sindidziwa zimene anachita kunkhondo. Sindinamufunse, nayenso sanandifunse. Kwa ine anali wabwino."

Masiku otsatira Teodora ankamupempha kawirikawiri kuti alankhule, ndipo nthawi zambiri tulo tinkamupeza mawuwo ali mkati. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa.

Anselmo analima chaka chimenecho monga mwa masiku onse. Pa nthawi yokolola, dalaivala wa lole imene inkabwera kudzatenga kachewere anamuuza mocheza kuti ku doko la Beira kumafika sitima za mitundu yonse, ndipo zina ndi za anthu aafupi a maso aang'ono, amene amalemba ngati nkhuku yapalasa. Anselmo anafunsa kuti zimabwera kangati, zimakhala nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati anthuwo amatsika. Dalaivalayo anati amatsika, amayenda m'misewu kugula nthochi.

Atatha kukolola, mu 1959, anaitana Leonor ndi mwamuna wake, nawauza kuti akupita ku Beira. Anawapatsa munda wa pamtunda, nkhokwe ndi mbuzi zake ziwiri.

"Amalume, ku Beira mukudziwako ndani?" anafunsa Leonor.

"Palibe."

"Nanga mukakafika anthuwo osakumvani?"

"Ndikangowamvera. Kumva ndimathako pang'ono."

Anakwera pamwamba pa matumba a kachewere pa lole yomweyo, atavala jekete la usilikali limene njenjete zinali zitadya m'mapewa. Leonor anaima pa msewu mpaka fumbi litatha.

Mbiri yake inabwera kamodzi kokha. Chaka chisanathe, dalaivala uja anauza Leonor kuti anawaona amalume ake ku doko, akunyamula matumba pamodzi ndi amuna ena. Anali ataonda koma anali bwino, ndipo anapereka moni kwa onse a ku Domwe. Leonor anafunsa ngati anawapeza anthu aja ankawafuna. Dalaivalayo anati anali pa changu tsiku limenelo, sanawafunse.